Mpunga Wovala Malaya

Kumudzi kwa a Lungu, kuseri kwa Champhira, mlendo akafunsa za Dyness anthu ankayamba ayang'anizana. Koma akati NyaShaba, ngakhale mwana woyamba kumene kuyankhula ankaloza ndi mlomo: "Tsatani kumene kukulira munsi." Ndipo ukatsatadi kugunda kwa munsiko unkawapeza: mayi wamfupi, wa zidendene zong'aluka, duku lomanga mothina ngati akuopa kuti maganizo angatayikire panja.

A NyaShaba analowa m'mudzimo ali mtsikana, ng'ombe za malowolo zitapita kwawo. Amuna awo, a Enos Lungu, anakhala nawo dzinja limodzi lokha, kenako anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi. Ankabwera, n'kusiya bulangete ndi mimba, n'kubwereranso. Zaka zonsezo munda unkalimidwa, nkhokwe inkadzaza, apongozi awiri okalamba anasambitsidwa ndi kudyetsedwa mpaka tsiku la maliro awo, ndipo ana aamuna anayi anakula. A Enos atabwereratu ndi chipewa chachikulu ndi chifuwa chosatha, anthu anadzaza pabwalo kudzawayamika: "Mwagwira ntchito, a Lungu, mwamanga mudzi." A NyaShaba anagwada pambali n'kuwomba m'manja pamodzi ndi ena onse, kenako anadzuka kukatunga madzi oti alendowo asambe.

Sanali munthu wodandaula. Ankazira tchalitchi ndi anzawo a Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, ndipo kukakhala ntchito ya chitukuko ankasenza njerwa za sukulu imene iwo sanalowemo. Chimodzi chokha chinkawadya mumtima: sanabereke mwana wamkazi. Kwa anzawo minsi inkalira iwiriiwiri, nyimbo ndi miseche pamwamba. Kwa iwo munsi unkalira umodzi, ngati munthu wotsimphina.

Ndiye m'zaka zimene ndalama ya kwacha inali itangofika kumene, mwana wawo Wallace, amene ankadzala mitengo ya paini ku Chikangawa, anabwera ndi mkazi. Dzina lake anali Kezia. Wallace anamupeza komweko, mtsikanayo atapita kukalera khanda la mkulu wake, koma kwawo kwenikweni kunali ku Nkhotakota, m'mbali mwa mtsinje wa Bua, kumene anthu amalima mpunga. Kwawoko mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi, choncho abale a Kezia analola monyinyirika kuti mwana wawo atengedwe. Atsibweni ake, a Jonasi, anakana ng'ombe pamaso pa anthu onse.

"Ife sitigulitsa mwana," anatero. "Mutengeni. Koma ndikadzangomva kuti wawonda, ndidzabwera ndekha kudzamutenga."

A Enos mawuwo sanawaiwale. "Ukwati wopanda ng'ombe ndi mbuzi yopanda chingwe," ankatero, akukhosomola. "Tsiku lililonse ipita."

Koma a NyaShaba anali atamva kale chimene anachidikira moyo wawo wonse: m'mawa woyamba, Kezia anatola munsi wachiwiri umene unali utatsamira kukhoma kwa zaka, n'kuima mbali ina ya mtondo. Gu, gu! Gu, gu! A NyaShaba anasinja tsiku limenelo mphale yoposa imene inkafunika.

Koma Wallace anabwerera kunkhalango kwake, kumene ankagona ndi amuna anzake, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Mwa mwambo wa kumeneko, mkamwana watsopano, mkazi wokwatiwa ndi mwana wa pakhomopo, sakhala ndi mafuwa ake kapena munda wake. Amaphika pa moto wa apongozi, kulima m'munda wa apongozi, ndipo apongozi aamuna akamadutsa amagwada patali, maso pansi. Kezia zonsezi anazichita bwino. Ankadzuka woyamba, kusesa, kutunga, kutola nkhuni. Koma Chitumbuka sankachimva, ndipo Chichewa cha a NyaShaba chinali chotola pa wailesi ya oyandikana nawo ndi kwa ogula fodya ochokera ku Kasungu. Nkhani zawo zinkathera pa "mchere uli kuti" ndi "madzi atha." Itafika miyezi ya chisanu, mphepo ya ku Mzimba inamulowa mtsikanayo m'mafupa. Anayamba kusiya nsima m'mbale. Chitenje chimene chinkamukwana anayamba kuchizunguliza kawiri.

Tsiku lina m'chilimwe anapita onse awiri kuchitsime, chimene chinali m'mphepete mwa dambo. A NyaShaba atadzaza ndowa yawo anatembenuka, n'kuona Kezia ataima m'kati mwa dambomo, matope akuda atamufika m'akakolo, akupondaponda pang'onopang'ono ngati akufufuza chinthu ndi zala za kumapazi.

"Mkamwana, tuluka. Muli njoka umo."

"Amayi, dambo ili ndi la ndani?"

"La ng'ombe."

"La ng'ombe basi?" Kezia anawerama, natapa dothi, nalifinya m'manja. "Kwathu dambo lotere silikhala chabe. Bwenzi pano tikukonza kale, mvula ikangogwa tifese. Ndiye tsiku lowokera, amayi, timatsika akazi okhaokha, mzere umodzi, madzi m'mawondo, wina akuyambitsa nyimbo. Mpunga ukayamba kucha mumaumva fungo muli kunyumba. Mphepo ikamawomba umachita chonchi..." Anagwedeza dzanja ngati funde. Kenako anazindikira kuti wayankhula kwambiri, nachita manyazi, natuluka m'matopemo.

A NyaShaba sanamve mawu onse, koma nkhope anaiona. Chibwerereni, mtsikanayo anali asanawalepo chotero.

Sipanapite nthawi, munthu wina wogulitsa usipa pa njinga, amene ankayenda pakati pa Nkhotakota ndi Champhira, anabweretsa uthenga: a Jonasi amva kuti mwana wawonda, ndipo abwera Khirisimasi isanafike kuti amutenge "akaone amayi ake." A Enos anangoti, "Ndinanena." A NyaShaba anadziwa tanthauzo lake. Mkazi wopita kwawo nyengo yodzala amakalima komweko, ndipo wolima amadikira zokolola zake, ndipo wokolola wakhazikika.

Kudenga la nyumba yawo kunali kathumba ka mpunga woyera mbee, umene Wallace anagula m'sitolo kuti udzadyedwe pa Khirisimasi. Kumudziko mpunga unkaoneka kamodzi pa chaka, ndipo a NyaShaba chibadwire anali asanauonepo uli m'munda. Mvula yoyamba itagwa anatsitsa kathumbako osauza munthu. Kufunsa Kezia sanafune, ankaopa kumulonjeza chinthu chimene mwina sichitheka, komanso ankafuna kuti tsiku lina adzangomugwira dzanja n'kumuti, "Taona." Anapita kudambo ndi khasu, napanga mizere yokwera bwino ngati ya chimanga, nakumba mapando motalikirana phazi ndi phazi, naponya njere zitatuzitatu, nakwirira ndi chidendene monga anachitira moyo wawo wonse.

Chimanga cha kumunda chinamera. Nyemba zinamera. Kudambo kunali zii. A NyaShaba atapita kukasuzumira anapeza nyerere zili pa mzere wautali, iliyonse yasenza kanjere koyera pamutu, ngati anthu ochokera kuchigayo.

"Mbava inu," anatero a NyaShaba.

Anadzalanso wotsalawo, ulendo uno atausakaniza ndi phulusa. Nyerere zinausiya, koma atafukula patapita masiku anapeza phala lonunkha. Anakhala pansi pa chulu n'kuganiza. Dothi silinalakwe, poti Kezia analiyamikira. Dzanja lawo silinalakwe, poti linali lisanalepherepo kumeretsa mbewu. Ndiye kuti wolakwa ndi mpungawo: wa m'sitolo ndi wokalamba, wakufa kale. Anali atamva kuti pamsika wa ku boma pamabwera amayi ochokera kunyanja ndi mpunga wolima okha. Umenewo ndiye ungakhale wamoyo.

"Mawa ndipita ku Mzimba," anauza a Enos. "Msana."

"Msana wayamba liti? Nanga atiphikire ndani?"

"Muli ndi mkamwana. Mudyeretu za m'manja mwake akadalipo."

Anagwira nkhuku imodzi, naigulitsa pamsewu kuti apeze yokwerera, nakwera basi imene inayenda mobuula m'matope mpaka dzuwa litakwera. Ku boma anali atafikako kale nthawi ina, mwana wawo wamng'ono atadwala, koma ulendo umenewo sanaone kanthu koma denga la chipatala. Lero anaona maofesi opaka laimu, akalaliki a masokosi ofika m'mawondo, ana a sukulu, ngolo za ng'ombe zitaima pansi pa mitengo. Pakhomo la msika panaima anyamata a malaya ofiira, ofunsa khadi la chipani. A NyaShaba anamasula mfundo ya chitenje, naonetsa lawo, lomwe linali litafewa ndi thukuta, nalowa.

Msikawo unali phokoso lokhalokha. Kuno tomato, uko nkhwani ndi bowa woyamba wa m'dzinja, uko makasu ndi mipini, uko munthu wosoka nsapato, uko telala akupalasa makina ake pakhonde pamene mkazi wake, khanda kumsana, ankamuwotchera makala a simbi. Fungo la usipa linasakanikirana ndi la fodya wa labu ndi la dothi lonyowa. A NyaShaba anayenda pang'onopang'ono, akupepesa aliyense wowagunda, mpaka anamva mawu aakulu a Chichewa chosalala ngati cha Kezia.

"Mpunga, mpunga! Faya wonunkhira! Mukaphika, ngakhale amene munayambana nawo chaka chatha abwera kudzakupatsani moni!"

Mwini mawuwo anali mayi wonenepa, wakuda bii, wa mpata pakati pa mano, atakhala pakati pa matumba awiri ndi dengu lalikulu. Anzake ankamuitana kuti Felesta. A NyaShaba ananjuta patsogolo pake.

"Monire, amama."

"Yewo, yewo," anayankha Felesta, amene Chitumbuka chake chinkathera pomwepo. "Ndikupimireni mbale zingati?"

"Ine ndikukhumba mpunga wamoyo."

"Wamoyo? Uwu mukuuona ngati ukudwala?"

"Wakumera. Uja wa m'sitolo ndadzala kawiri, yayi. Woyamba zadya nyerere, wachiwiri wawola."

Felesta anasiya kupima. "Munadzala wotani, amayi? Tandilozerani."

A NyaShaba analoza mpunga woyera wa m'dengumo. "Ngati uwu. Kweni uja unali wakale."

Felesta anawayang'ana, nayang'ana dengu, nawayang'ananso. Kenako chiseko chinamuphulika. Anaseka mpaka kugwira nthiti, namenya mnzake wogulitsa nyemba paphewa. "Iwe, tamva za kuno! Adzala wophika! Mayo ine, nyerere za kwanuko zadya Khirisimasi isanafike!"

A NyaShaba anaika manja pamiyendo n'kudikira kuti chisekocho chithe. Anali atazolowera kudikira mvula kuti ikate.

"Pepani, amayi anga," anatero Felesta akupukuta misozi. "Inu ndinu alimi a chimanga. Tandiuzani, munadzalapo mphale?"

"Mphale? Ndani wamisala angadzale mphale? Chimanga chokonola chafa."

"Eya. Ndiye uwu ndi mphale ya mpunga."

Manyazi anawakwera a NyaShaba kuchokera m'khosi mpaka pansi pa duku.

"Mpunga umabadwa ndi malaya," anapitiriza Felesta. Anapisa dzanja m'dengumo, navundula, natulutsa kanjere kamodzi kachikasu, kokhakhala, kosongoka mbali zonse. "Uwu ndiye wovala. Wapulumuka mumtondo. Wina yenseyu tinamuvula, ali maliseche. Wamaliseche samera."

A NyaShaba analandira kanjereko pachikhatho ngati akulandira mkate wa mgonero. "Ndiye ndigulitseni wovala."

"Ndilibe. Ndani angasenze mankhusu kukwera nawo mapiri onsewa? Timapunthiratu kwathu. Komanso mbewu nyengo ino ili m'madzi kale, palibe angakupatseni. Bwerani chaka chamawa, ndidzakutengerani."

"Chaka chamawa mwana adzakhala atapita."

"Mwana uti?"

Ndipo a NyaShaba, amene sankauza munthu za kukhosi kwawo, anafotokoza zonse kwa mlendoyo, m'Chichewa chawo chopunduka: za mkamwana wa ku Bua, za chitenje chozunguliza kawiri, za dambo, za atsibweni amene akubwera. Felesta anamvetsera, chiseko chitamuthera.

"Ha," anatero pomaliza. "Anthu ali ndi mwayi. Apongozi anga ine akanakwera basi kukanditolera miyala yothira m'ndiwo."

A NyaShaba anali akuyang'anabe kanjere kaja. "M'matumba umu, zovala malaya zilimo zinanso?"

"Sizilephera. Ndi zinyalala zimenezo. Akazi a akalaliki amanditukwana nazo tsiku ndi tsiku, ati zimawalasa m'kamwa amuna awo."

"Ndibwerekeni lichero."

Anakhala pansi kuseri kwa matumba, natambasula miyendo, naika lichero pamwamba. Felesta ankathira mbale imodzi ya mpunga, iwo n'kuuyala ndi chikhatho, n'kuyamba kufufuza. Apa kamodzi. Apo kena. Timiyala ankaponya kumanzere, tovala malaya ankaika m'kakapu kachitsulo kamene Felesta ankamwera tiyi, woyera n'kubwezera m'dengu. Mbale ina inkapereka njere zingapo, ina osapereka kanthu. Poyamba pansi pa kapuyo pankalira ngati mvula yoyamba padenga la malata, kenako kulirako kunaleka chifukwa pansi panali pataphimbika.

Sipanatenge nthawi kuti ogula azindikire kuti dengu la Felesta lili ndi mpunga wosankhasankha. Anayamba kuunjikana pamenepo. Amayi ena awiri ogulitsa mpunga, ataona zimenezo, anakoka matumba awo.

"Tamva kuti kuno kwapezeka wantchito wosalipidwa!"

"Imani pamzere," anatero Felesta. "Ndamupeza ndine. Ndipo musamutopetse, ndi mlimi wamkulu uyu, amadyetsa nyerere za ku Champhira konse."

A NyaShaba anamwetulira osadzutsa mutu. Dzuwa linafika paliwombo, linapendeka. Felesta anawagawira chinangwa chophika ndi tiyi wa m'botolo. Maso anayamba kuwawa ndi kuyera kwa mpungawo, khosi linauma, ndipo msana umene ananamizira a Enos unayamba kupweteka zenizeni. Anaganiza kuti mwina ndi chilango cha bodzalo, napitiriza kusankha. Ntchito yotere, yotola kamodzikamodzi osayang'ana kuchuluka kwa zotsala, anaidziwa kuyambira kale. Ndi mmene anatolera chimanga chogwa pansi m'chaka cha njala, ndi mmene analerera ana.

Pamene anthu ankayamba kumanga katundu wawo, kapu ija inali itadzaza kupitirira pakati. Felesta anakhuthulira njerezo pa kansalu, namanga yekha mfundo yolimba.

"Tsono mverani, amayi," anatero, atawagwira dzanja. "Musakadzale nokha. Ndapota nanu. Musakakhudze n'komwe khasu. Mukampatse mwini wake."

"Yewo chomene."

"Ndipo mukadzakolola mudzandiitane. Ndikufuna ndidzaone mpunga womera kwa anthu a ng'ombe."

Basi inali itapita kale. Anakwera lole ya matabwa yochokera ku Chikangawa, atakhala pamwamba pa matabwa onunkhira utomoni, mvula ikuwaza, kamfundo kaja atakabisa pachifuwa. Anagona kwa mnzawo wa Umanyano pa Champhira, ndipo kutacha anayenda wapansi kupita kumudzi.

Asanafike pakhomo anaona mipando iwiri pansi pa mtengo wa mango. Pa umodzi panali a Enos, pa winawo panali bambo wamtali wa jekete lotuwa. A Jonasi anali atafika dzulo lake.

A NyaShaba anagwada, napereka moni. A Jonasi anali munthu waulemu, wosakweza mawu.

"Amayi, sindinabwere ndi mlandu," anatero. "Kezia wandiuza kuti simunamunenepo mawu oipa, ndipo simumumana kanthu. Koma maso ndili nawo. Mwana watha. Ndimutenge akapume kwa amayi ake."

"Mwanena zoona," anayankha a NyaShaba. "Watha."

Anadzuka n'kulowa m'khitchini. Kezia anali atakhala pafupi ndi moto, ndipo pambali pake panali mtolo womanga kale: zitenje zake, bulangete, kapoto kamene anabwera nako. Ataona apongozi ake anagwada, osatha kuwayang'ana.

"Msana uli bwanji, amayi?"

A NyaShaba anatenga lichero, natulutsa kamfundo kaja, nalimbana nako ndi mano chifukwa Felesta anamanga ngati akumanga mbuzi, nakhuthula. Njere zachikasu zinabalalika palicheropo ndi kaphokoso kouma.

Kezia anatambasula dzanja, natola imodzi, nainunkhiza, nailuma ndi mano akutsogolo.

"Faya," ananong'ona. "Mwaitenga kuti mbewu nyengo ino?"

"Ku boma."

"Akugulitsa?"

"Yayi. Ndasankha m'matumba."

Kezia anakula akusankha mpunga woti aphike madzulo aliwonse, ndipo ankadziwa kuti m'mbale yathunthu mumapezeka tingati totere. Anayang'ana mulu wa palicherowo. Anayang'ana maso a apongozi ake, ofiira ngati a munthu wolira maliro.

"Ndikanabwera nawo kale," anatero a NyaShaba, "kweni ndinayamba ndadzala wolakwika. Uja wa Khirisimasi."

"Uti? Woyera uja wa kudenga?"

"Kawiri."

"Mizere ija ya kudambo?" Kezia anagwira pakamwa. "Ine ndimayesa mwadzala nyemba! Amayi, pamizere? Woyera?"

"Zitatuzitatu. Ndinakwirira bwino chomene."

Kezia anayesa kudzigwira, poti mkamwana saseka apongozi. Mapewa anayamba kugwedezeka. Kenako chinamupulumuka chiseko chachikulu, cha kunyanja, chimene mudziwo unali usanachimvepo, ndipo anagwera pamiyendo pa a NyaShaba, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Pansi pa mango amuna awiri aja anasiya kuyankhula.

A NyaShaba anatuluka ndi lichero lija, Kezia ali pambuyo, nagwada patsogolo pa amunawo.

"A Lungu," anatero, "dambo lija la kuchitsime ndampatsa mkamwana. Likhale munda wake. Ndipo mafuwa ake ndimuikira sabata ino, aziphika yekha chimene mtima wake wakhumba."

A Enos anakhosomola. "Dambo? Nanga ng'ombe zikadya kuti?"

"Ng'ombe zanu anthu anazikana. Zikadye kumtunda."

A Jonasi anabisa kumwetulira m'chikhatho. Anaitanitsa licherolo, navundula njerezo ndi chala. "Mbewu yongokwana kapu," anatero. "Mukanangotuma mawu, bwenzi nditasenza thumba lonse pamutu. Mwasankha imodziimodzi?"

"Enya."

Anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawo. "Iwe ukuti bwanji? Basi ya mawa ilipo."

Kezia anayang'ana mbewu ya palichero ija. "Atsibweni, mbewu iyi yachedwa kale. Ndikapanda kufesa sabata ino, yapita. Ndiye pali kuwokera, pali kupalira, pali mbalame. Amayiwa ndikawasiyira okha adzaupanganso mizere." Anapukuta m'maso. "Mukawauze amayi kuti ndibwera ndikakolola."

A Jonasi anavula jekete lawo, nalipachika pampando. "Ndibwerekeni khasu. Tiyeni tikaphwasule mizere yanuyo, tione ngati madzi angaime."

Tsiku lonselo anali m'matope, kusalaza dothi ndi kumanga timigula tosunga madzi, ndipo m'mawa mwake a Jonasi anakwera basi okha. Pa Khirisimasi a Enos anayang'ana m'mbale mwawo, nayang'ana kudenga.

"Mpunga wa Wallace uja uli kuti?"

"Mukafunse nyerere," anatero a NyaShaba, ndipo kukhitchini kunamveka munthu akutsamwa ndi chiseko.

Mbewu ija inamera ngati ubweya wobiriwira. Tsiku lowokera anatsika awiri okha m'madzi, Kezia akuyambitsa nyimbo ya kwawo, a NyaShaba akuvomera mawu amene sankawamva. Mpunga utayamba kucha, ntchito yoingitsa mpheta inagwera a NyaShaba, amene ankakhala pachulu ndi chitini ndi kamtengo, akuzitukwana m'Chitumbuka. Zokolola sizinali zodzitamandira. Kuzizira kwa kumtunda kunasiya ngala zina zopanda kanthu m'kati, ndipo zonse pamodzi zinangokwana dengu limodzi. Kezia anapuntha pang'ono n'kuphika kuti aliyense alawe. Ngala zabwino koposa anazimanga mitolo, nazipachika kudenga la khitchini yake yatsopano, pamwamba pa utsi.

Kenako anapita ku Bua monga analonjezera. Munsi unayambanso kulira umodzi. Mwezi unatha, wina unayamba. Kuchitsime akazi ankanena mokweza kuti a NyaShaba amve: "Wa kunyanja ndi wa kunyanja. Ameneyo wapita." A Enos anakumbutsanso za mbuzi yopanda chingwe. A NyaShaba ankangopita m'khitchini ya Kezia masiku ena, n'kusonkha kamoto kuti utsi uteteze mbewu ku anankafumbwe, n'kuyang'ana mitolo ija. Mlimi sapachika mbewu pamene sadzabwerera.

Kezia anabwera mitengo itayamba kuphuka masamba ofiira, masaya atadzaza, chikwakwa chokololera m'dzanja, thumba la mbewu pamutu, ali ndi mng'ono wa amayi ake amene anati akufuna adzaone yekha mayi wodzala mpunga wophika. Mbiri inali itafika kale ku Bua konse.

Dambo lija likulimidwabe, ndipo mabanja ena a m'mudzimo anatengako mbewu. Felesta anadzafikadi chaka china, nadya, nanena kuti mpunga wa kwa anthu a ng'ombe ukununkhira ndowe, natenganso mbale yachiwiri. Koma a NyaShaba, mpaka ukalamba wawo, mpunga sanaukonde. Kezia akawaikira mbale, ankadya mwaulemu mpaka kutha, n'kuthokoza, n'kusamba m'manja. Kenako ankayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa motsitsa mawu kuti mkamwana asakhumudwe:

"Tsono chakudya chenicheni chikubwera nthawi yanji?"